KU BRITAIN NDI KU AMERICA MLENDO AMACHITA KUWERENGEDWA

Kuno kwathu mlendo sachita kupangana naye tsiku. Amangotulukira pabwalo ndi odi wake, mwina ali ndi mnzake amene wakumana naye panjira, ndipo mayi wa pakhomo amangowonjezera madzi mumphika, nkhuku imodzi n'kuona tsoka. Palibe amene amafunsa mlendo ngati adye kapena ayi, pakuti funso lotere ndi chipongwe. Umu ndi mmene tinakulira ku Angónia, ku Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ku Metangula, ndipo palibe cholakwika ndi mwambo umenewu. Vuto limabwera pamene mwana wathu wautenga mwambowu n'kuwoloka nawo nyanja.

Dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth m'chaka cha 1995, ndipo achinyamata athu amapikisana nawo pa mwayi wa maphunziro a Chevening operekedwa ndi boma la Britain ndi a Fulbright operekedwa ndi boma la America. Ena amapita kukagwira ntchito, enanso kukaona ana awo. Onsewa tsiku lina amaitanidwa kukadya mgonero kunyumba kwa mphunzitsi, kwa bwana wa kuntchito kapena kwa apongozi. Mgonero umodzi wotere ukhoza kumutsegulira munthu ubwenzi wa zaka zambiri, komanso ukhoza kukhala woyamba ndi womaliza iye osadziwa chimene analakwa, chifukwa anthu a kumeneko, makamaka a ku Britain, sakonda kumuuza mlendo pamaso kuti wawakhumudwitsa. Amangomwetulira, kenaka osamuitananso.

Tsono tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Ulongwe ali pa sukulu mumzinda wa Leeds, ndipo mphunzitsi wake wamuitana kunyumba Loweruka madzulo. Chinthu choyamba chimene ayenera kumvetsa ndi chakuti pa mgonero umenewo zonse zawerengedwa kale. Ngati odya ali 6, mipando ili 6, mbale zili 6, ndipo zidutswa za nsomba zimene eninyumba agula zilinso 6. Palibe mphika wa nsima woti n'kuwonjezera madzi. Akabwera ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wachisanu ndi chiwiriyo alibe pokhala, ndipo mwininyumba adzachita kugawa mbale yake yomwe uku akunena kuti palibe kanthu. Ngakhale ana samapita nawo pokhapokha atatchulidwa poitanapo. Amene akufuna kutenga mkazi wake kapena bwenzi lake afunse masiku akadalipo.

N'chifukwa chake kuyankha kuli kofunika kwambiri. Pa kalata kapena pa uthenga wa pafoni pamakhala zilembo zinayi, RSVP, chomwe ndi chidule cha mawu a Chifalansa opempha woitanidwa kuti ayankhe. Yankho lake ndi inde kapena ayi, ndipo liperekedwe msanga. Kunena kuti "tiona" kapena "Mulungu akalola", mawu amene kwa ife ndi aulemu, kumeneko kumamusiya wophika m'malere. Kukana sikulakwa. Cholakwa chachikulu ndi kuvomera kenaka osaoneka. Komanso muchenjere ndi mbali inayo: munthu wa ku Britain akanena potsazikana kuti tsiku lina mudzabwere tidzadyere limodzi, koma osatchula tsiku ndi ola, kawirikawiri amenewo ndi mawu otsazikira chabe. Musadzafike pakhomo pake Lamlungu mutatchena.

Ngakhale dzina la chakudyacho limasokoneza. Kumpoto kwa England ndi ku Scotland mabanja ambiri chakudya chamadzulo amachitcha tea, pamene mawu akuti dinner kwa ena amatanthauza nkhomaliro. Mnyamata wathu wa ku Leeds akaitanidwa ku tea asaganize kuti akukamwa tiyi ndi sikono, n'kuyamba wakhuta kwake. Afunse ola lake ndiponso ngati ndi chakudya chenicheni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Za nthawi nazo zili ndi kachinsinsi kake. Tonse tinamva kuti azungu amasunga nthawi, ndipo ena mwa ife pofuna kuonetsa khama timafika theka la ola nthawi isanakwane. Kumeneko n'kulakwa kuposa kuchedwa pang'ono, chifukwa mudzawapeza eninyumba ali kukhitchini kapena akusamba, ndipo ambiri alibe wantchito woti akulandireni. Akanena kuti 7 koloko madzulo, imene ife kuno timati 19 horas, gogodani mphindi 5 kapena 10 nthawiyo itadutsa. Mukaona kuti muchedwa kupitirira mphindi 15, imbani foni, pakuti nyama yowotcha mu uvuni siyembekeza munthu. Ku Britain nthawi zina amalemba maola awiri, monga 7.30 ndi 8. Tanthauzo lake ndi lakuti zakumwa ziyamba 7.30 ndipo pofika 8 koloko onse akhale ali patebulo.

Pali nkhani ina imene ambiri a ife timaiona ngati yachibwana pamene ili ya moyo ndi imfa. Poitana, eninyumba amafunsa ngati pali chakudya chimene simudya. Mwana wa kwathu amachita manyazi n'kuyankha kuti amadya chilichonse, kenaka amakapeza nyama ya nkhumba patebulo chikhalirecho chipembedzo chake sichimulola, kapena nkhanu zimene zimamuwenga. Pamenepo wophika amamva chisoni kuposa akanauzidwa kale. Funso limenelo amafunsa moona mtima ndipo liyankhidwe moona mtima.

Kumeneko kuwengedwa ndi chakudya amakutenga mozama kotero kuti kuli ndi malamulo ake. Ku Britain lamulo limatchula mitundu 14 ya zakudya zimene ogulitsa ayenera kuchenjeza, ndipo mu Okutobala 2021 linayamba kugwira ntchito lamulo lina lodziwika ndi dzina lakuti Natasha's Law. Analitcha dzina la mtsikana wa zaka 15 amene anamwalira mu 2016 atadya buledi wokhala ndi chitowe chimene sichinalembedwe pa pepala lokulungira. Ku America chitowe chomwecho chinaikidwa pa mndandanda wa zakudya zowenga mu Januwale 2023, n'kukhala chachisanu ndi chinayi. Pa mindandanda yonse iwiri palinso mtedza. Nanga ife ndiwo zathu zamasamba timatendera ndi chiyani? Mayi wa kwathu amene waphika nkhwani zotendera kuti anzake a kumeneko alaweko ayenera kunena poyera, mbale isanatsegulidwe, kuti muli nsinjiro. Alipo ana ndi akuluakulu amene kachidutswa kochepa ka mtedza kamawatseka kukhosi mpaka kuthamangira nawo kuchipatala.

Chimanjamanja musapite, koma mphatso yake ndi yaing'ono. Botolo la vinyo, bokosi la chokoleti kapena maluwa n'zokwanira. Amene samwa mowa asadzikakamize kugula vinyo, ndipo amene watenga vinyo asadandaule akaona kuti eninyumba amuika pambali osamutsegula, chifukwa mwina asankha kale wogwirizana ndi chakudya chawo. Kunena zoona, kapulana yokongola kapena paketi ya tiyi wa ku Gurué imakondweretsa kuposa vinyo wa m'sitolo ya pakona, popeza imabweretsa nkhani yocheza. Pakhomo yang'anani ngati pali nsapato zondandalikidwa. Mabanja ena amavula, ena savula, ndipo kufunsa sikuchititsa manyazi.

Tsopano tafika pa chimene chimaopsa ambiri, ndicho mipeni ndi mafoloko. Munthu umakhala pansi n'kupeza mafoloko awiri kapena atatu kumanzere, mipeni kumanja, supuni ina kumtunda kwa mbale. Kuchuluka kumeneku kuli ndi mbiri yake. Kale m'nyumba za olemera ku Britain zakudya zambiri ankaziika patebulo nthawi imodzi. M'zaka za m'ma 1800 kunafala njira ina imene anaitcha ya ku Russia, yobweretsa chakudya chimodzi chimodzi motsatizana, chilichonse ndi zodyera zake, ndipo buku la Isabella Beeton la za kasamalidwe ka pakhomo la m'chaka cha 1861 linaitchula njira imeneyi. Lamulo lake ndi losavuta: yambani ndi zodyera za kunja kwenikweni, muzilowera cha ku mbale chakudya chikamasintha. Kambale ka buledi kanu ndi ka kumanzere, matambula anu ndi a kumanja. Kansalu kopukutira pakamwa kamakhala pamiyendo. Musayambe kudya mwininyumba asanayambe kapena asanakuuzeni kuti yambani, ndipo m'mabanja ena a ku America amayamba apemphera atagwirana manja.

Kagwiridwe kake kamasiyana pakati pa maiko awiriwa. Wa ku Britain amagwira foloko kumanzere ndi mpeni kumanja mpaka kumaliza. Wa ku America amadula nyama, n'kuika mpeni pambale, n'kusamutsira foloko kudzanja lamanja, kenaka n'kubwereranso akafuna kudula china. Njira zonse ziwiri ndi zololedwa, ndipo ife amene tinazolowera kadyedwe ka Chipwitikizi tili pafupi ndi ya ku Britain. Mukamaliza ikani mpeni ndi foloko pamodzi pambale, chimenecho ndi chizindikiro chakuti achotse. Zonsezi zili m'mabuku, monga la Emily Post limene linatuluka ku America mu 1922 ndi a Debrett's a ku London. Koma ine ndikuona kuti anthu amaziopa mopitirira. M'nyumba zambiri masiku ano mudzapeza foloko imodzi ndi mpeni umodzi basi, ndipo palibe amene analeka kuitanidwa chifukwa chodyera nsomba foloko ya saladi.

Chimene chimagonetsa anthu athu ndi njala ndi mawu akuti "ndakhuta". Kuno mlendo amayamba wakana pang'ono, mwininyumba n'kumukakamiza kawiri katatu, ndipo onse awiri amadziwa kuti ndi ulemu chabe. Kumeneko mukakana kuwonjezera amakukhulupirirani, mbale n'kubwerera kukhitchini. Ngati mukufuna, vomerani ulendo woyamba womwewo. Ndiponso palibe chifukwa chosiyira chakudya pambale poganizira ana, popeza ana adya kale ndipo mwina agona. Kumaliza za m'mbale n'kumuyamikira wophika ndi mawu ndiye ulemu wake. Vinyo mukhoza kukana popanda kufotokoza chifukwa.

Koma cholinga chenicheni cha mgonero wotere si chakudya ayi. Ife tinaphunzitsidwa kuti pakudya salongolola, ndipo mlendo wolemekezeka timamupatsa chakudya m'nyumba payekha kuti adye momasuka. Iwo amaitana anthu kuti acheze, ndipo chakudya chimayenda pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu. N'chifukwa chake pa tebulo lapamwamba mwamuna ndi mkazi wake amawakhazika motalikirana, kuti aliyense acheze ndi munthu watsopano. Mlendo wongoweramira mbale ali chete, ngakhale akutero mwaulemu, amaoneka ngati sakukondwa. Lankhulani ndi wa kumanja ndi wa kumanzere komwe. Akakufunsani za kwanu fotokozani, za mbatata ya ku Angónia, za damu la Cahora Bassa, za mtsinje wa Zambezi, koma nanunso muziwafunsa zawo. Foni ikhale m'thumba.

Nkhani zina n'zoterera. Musafunse munthu malipiro ake, zaka zake, mtengo wa nyumba yake, kapena chifukwa chimene alibe mwana. Mawu athu oyamikira akuti "mwanenepa" kumeneko ndi mwano woopsa. Za ndale dikirani eni ake ayambe, chifukwa voti ya Brexit ya 2016 inagawanitsa mabanja ku Britain, ndipo zisankho za pulezidenti zachita chimodzimodzi ku America. Chimodzi chokha chimene chimatilemera pakamwa ndi kumutchula dzina loyamba munthu wa msinkhu wa agogo athu. Akakuuzani kuti muzitero, yesetsani, pakuti kwa iwo n'chizindikiro chakuti akulandirani.

Ku America zinthu zimakhala zomasuka pang'ono. Akakuuzani kuti dzitengereni nokha amanenadi zoona, ndipo wodikira kuti amugawire adzadikira mpaka mbale zitatha. Kulinso mgonero wotchedwa potluck, umene aliyense amabweretsa mbale imodzi yokwanira kugawana ndi ena. Woitanidwa ku Thanksgiving, chikondwerero cha Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala chimene nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa tsiku lake mu 1941, adziwe kuti walowetsedwa m'kati mwa banja. Tsiku limenelo amadya nkhukundembo yowotcha, kawirikawiri dzuwa likadalipo, ndipo ndi bwino kufunsa kuti nditengeko chiyani. Mbale zikamachotsedwa dzukani muthandize, abambo ndi amayi omwe. Akakana kamodzi khalani pansi.

Khofi kapena tiyi akabwera pambuyo pa zotsekemera, dziwani kuti mgonero ukupita kumapeto. Mukamwa chezani pang'ono, ndipo mukaona ena akufunafuna majekete awo, inunso nyamukani. Za mayendedwe obwerera konzeranitu nokha, basi yomaliza kapena takisi, makamaka ngati mwamwa vinyo. Eninyumba adzakutsazikani pakhomo pomwepo n'kutseka chitseko chifukwa cha kuzizira. Sadzakuperekezani mpaka pa mphambano monga tichitira kuno, ndipo sikuti mwawalakwira.

M'mawa mwake tumizani uthenga wothokoza, wa mizere iwiri kapena itatu, wotchula chakudya chimene chinakukomerani. Kwa achikulire kakhadi kolemba pamanja kotumiza papositi kamakondweretsa kwambiri. Pakapita masabata angapo mnyamata wathu wa ku Ulongwe naye awaitane aphunzitsi ake, ngakhale chipinda chake chili chaching'ono. Ufa woyera umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa m'mizinda ikuluikulu ya kumeneko. Awauze tsiku ndi ola, awafunse ngati mtedza umawawenga, ndipo akafika awapatse madzi osamba m'manja n'kuwaonetsa kapotedwe ka mbamu.