Mfuti Sidzera pa Mlatho wa Songwe

Pa mlatho wa Songwe, pomwe msewu wa M1 umakathera moyang'anana ndi Kasumulu ku Tanzania, pali apolisi, a Immigration ndi a MRA, ndipo galimoto iliyonse imaima. Koma malire enieni ndi mtsinje wa Songwe, wokhotakhota uja, umene ukasefukira umasintha njira mpaka munda wa munthu n'kupezeka uli tsidya lina. M'mphepete mwake muli madooko omwe mabwato amaolotserapo katundu ndi anthu usiku. Mitembo ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia, yomwe idafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, idatikumbutsa kuti ozembetsa anthu ali ndi njira zawo kumpotoku. Podutsa munthu wamoyo osaonedwa, mfuti yobisidwa m'thumba la mpunga ingalephere bwanji? N'chifukwa chake ndalama zolimbana ndi umbava wa mfuti ziyenera kuyambira kumtsinje kuno, zisanafike ku Lilongwe.

Ena anena kuti Malawi si Johannesburg, kuti m'zipatala mukusowa mankhwala, tisataye ndalama pothamangitsa mthunzi. Mfundoyi ndi yomveka, koma tidaziona kale. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ma AK-47 adamwazikana m'maiko oyandikana nawo, ife tomwe, ndipo kulanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani mu Disembala 1993 kudatengera asilikali komanso miyoyo ya anthu. Kuchotsa mfuti yomwe yalowa kale m'mudzi kumadula kuposa kuiletsa pa dooko. Boma likudziwa zimenezi, paja pangano la SADC la 2001 loletsa kufala kwa mfuti, lomwe limafuna kuti mfuti zidindidwe chizindikiro ndi kulembedwa m'kaundula, lidasainidwa ku Blantyre konkuno. Siginecha, komabe, sigula petulo.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti Angonde ndi Anyakyusa ndi pachibale, amakwatirana, amayenderana pamaliro, ndipo kukhwimitsa malire kumapweteka mayi wogula zitenje ku Kyela osati chigawenga. Zoona. Ndiye ndalamazo zisapite ku mpanda kapena ku marodibuloko owonjezera, omwe kawirikawiri amangosanduka podyera. Zipite kwa anthu. Makomiti achitetezo cham'mudzi, omwe apolisi adayambitsa m'zaka za m'ma 1990, ambiri amalondera ndi tochi, wenzulo ndi chibonga basi, osalandira kanthu. Wopalasa bwato amadziwa yemwe waoloka ndi katundu wokayikitsa, koma sangaulule ngati foni yake iyankhidwa m'mawa chifukwa njinga yamoto ya apolisi ilibe mafuta, kapena ngati dzina lake likafika kwa omuopseza dzuwa lisanalowe.

Aphungu a ku Karonga, bajeti ikadzabwera m'Nyumba ya Malamulo, funsani kuti ndi ndalama zingati zomwe zalembedwera mafuta, bwato la injini ndi makomiti a m'mphepete mwa Songwe.