Kuunika Chithunzi cha Mbalame za M'madzi ku Chigwa cha Shire

Zithunzi zambiri za mbalame zimene ojambula ongoyamba kumene amabwera nazo kuchokera ku Nsanje zimagwa pa chifukwa chimodzi, ndipo chifukwacho si kuchepa mphamvu kwa kamera. Wojambula amaika maso ake onse pa mbalame, n'kuiwala kuti kamera siisankha. Imatola mbalameyo, imatolanso bango lotulukira kuseri kwa mutu wake, chigubu choyandama pakona, ndi mzere wa madzi wopendekeka. N'chifukwa chake pounika chithunzi, chanu kapena cha mnzanu, mbalame muziiyang'ana pomalizira. Yambani ndi m'mbali zinayi, kenaka kumbuyo, kenaka mufike pa diso.

Malo abwino ophunzirira zimenezi tili nawo. Dambo la Elephant Marsh lili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pomwe mtsinje wa Shire umamwazikana m'timifuleni ndi m'mathamanda usanakumane ndi Ruo pa Chiromo. Dzinali linachokera kwa David Livingstone, amene anadutsa kumeneko mu 1859 n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Njovuzo zinatha kalekale, koma mbalame zilipo, moti mu 2017 dambo la mahekitala oposa 61,000 limeneli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, lachiwiri m'Malawi pambuyo pa Nyanja ya Chilwa. Kuli akakowa, atsekwe, nkhwazi, anantchengwa ndi abakha am'tchire. Kulinso bango, gumbwa ndi namasupuni zothithikana, zimene ndi vuto lenileni kwa wojambula.

Tengani chithunzi chofala ichi. Kakowa waima pa madzi osaya, ali pakatikati pa chithunzi, wajambulidwa ndi munthu amene anaimirira pa gombe. Nthenga zikuoneka bwino, koma chithunzicho sichikugwira mtima. Funso loyamba ndi lakuti, kamera inali pamtunda wotani? Mukajambula muli chiimire, kamera imayang'ana pansi, ndiye chimene chili kuseri kwa mbalame ndi madzi a pomwepo, ndi zinyalala zake zonse, zooneka bwinobwino ngati mbalameyo. Mukatsitsa kamera kufika pa msinkhu wa diso la kakowa, kumbuyo kwake kumakhala bango la tsidya lija, mamita makumi angapo kutali, ndipo lenzi imalisungunula kukhala mtundu umodzi wobiriwira. Kakowa amatulukira yekha. Palibe pulogalamu ya pa kompyuta imene ingakonze bwino zimenezi pambuyo pake.

Apa bwato la msodzi limaposa boti la injini. Wokhala pansi m'bwato amakhala kale pafupi ndi nkhope ya madzi, ndipo nkhafi siiopseza mbalame ngati injini. Mabuku a kunja amalangiza kugona chafufumimba m'mphepete mwa madzi. Malangizo amenewo asiyeni komweko. Shire ali ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo mwini bwato akati apa tisaime, musatsutse.

Bwato likagwedezeka mzere wa madzi umapendekeka, ndipo diso la munthu silikhululuka madzi okwera chitunda. Ichi n'chosavuta kukonza, bola munasiya mpata m'mbali woti mudule powongola.

Kenaka onani kumene mlomo waloza. Mbalame ikayang'ana kumanja, kumanjako kukhale malo ambiri kuposa kumbuyo kwake. Lamulo lotchuka logawa chithunzi patatu, n'kuika mbalame pa mzere wa mbali imodzi, limathandiza ongoyamba kuchoka pakati, koma ine ndimaliona ngati ndodo ya wodwala mwendo: akachira amaisiya. Chofunika n'kudziwa chifukwa chake. Woona chithunzi amatsata maso a mbalame, ndipo akagunda m'mphepete msanga amaona ngati mbalameyo yapanikizika. Komabe nkhwazi yoyang'ana kamera maso ndi maso, kapena kakowa ndi chithunzithunzi chake m'madzi odekha, zimakhala bwino pakati penipeni. Pa chithunzithunzi cha m'madzicho sankhani chimodzi: chionekere chonse mpaka mutu, kapena chichokeretu. Chodulidwa pakhosi chimaononga zonse. Miyendo nayonso, ngakhale yamira, isiyireni malo pansi pa chithunzi monga momwe ikanathera.

Mbalame imene imayesa wojambula pa nkhani ya mpata ndi ija Angerezi amati African skimmer, yakuda pamsana, yoyera kumimba, ya mlomo wofiira umene wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Imauluka chapansipansi, mlomo wam'munsi ukung'amba madzi, mpaka utagunda kansomba. Imasiya kamzere pa madzi, ndipo kamzereko ndiye nkhani yonse. Wojambula amene wadzaza chithunzi ndi mbalame yokha wataya kamzere, ndipo amene wasunga kamzere osasiya malo kutsogolo waitsekera njira. Pamafunika zonse ziwiri, kutanthauza kuti mbalame ikhale yaing'ono m'chithunzi kuposa mmene mtima ukufunira. Liwiro la shutter likhale cha m'ma 1/2000 ya sekondi ngati kuwala kukulola, pakuti imakonda kusaka m'mamawa ndi chakumadzulo.

Kuwala kwa ku Nsanje kuli ndi khalidwe lakelake. Pa boma, mtsinje uli kum'mawa ndipo tsidya lake ndi Mozambique. Woima ku gombe la Malawi m'mawa amajambula moyang'anana ndi dzuwa: mbalame zimada, madzi amanyezimira. Imeneyo ndi nthawi yojambula maonekedwe a thupi lokha, khosi lopindika la kakowa kapena mutu wonga hamala wa nantchengwa, ndipo chithunzi chotere chimafuna kuti mlomo ndi miyendo zisaphatikane ndi bango. Masana akapendeka dzuwa limakhala kumbuyo kwanu, mitundu imatuluka, ndipo m'diso la mbalame mumaoneka kadontho kowala kamene kamaipatsa moyo. Pakati pa tsiku musadzivute. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mpweya wa pamwamba pa madzi ndi mchenga umanjenjemera, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimawonjezera, ndipo chilichonse chakutali chimatuluka chosaoneka bwino ngakhale lenzi ikhale ya 600mm. Ambiri amanamizira lenzi.

Mbalame yoyera kutsogolo kwa bango lakuda imapusitsa kamera, imene imawalitsa chithunzi chonse mpaka nthenga kusanduka chigamba choyera chopanda mizere. Chepetsani kuwala pang'ono musanajambule.

Tsono pali nkhani imene ojambula amasiyana maganizo. Namasupuni, chomera chochokera ku South America chimene chimatseka mifuleni ndi kuvutitsa asodzi, ali ndi maluwa okongola, ndipo amalowa m'zithunzi zambiri za m'dambo muno. Ena amamufufuta pa kompyuta, pamodzi ndi ukonde, bwato ndi dimba la chimanga la kutsidya, kuti dambo lioneke ngati mulibe munthu. Ine sindigwirizana nazo. Anthu a m'dambo muno amawedza, amalima madimba, ndipo m'zaka za njala amakumba nyika m'mathamanda momwe mbalame ya zala zitalizitali, African jacana, imayenda pa masamba a chomera chomwecho. Chithunzi cha jacana pa masamba a nyika, bwato likuoneka patali, chimanena zoona zambiri za Nsanje kuposa mbalame yoyandama pa mtundu wobiriwira wopanda dziko. Chofunika n'chakuti bwatolo likhalemo mwadala, lathunthu, pamalo pake, osati mphuno yake yokha ikusuzumira pakona. Ndipo munthu wa m'bwatomo mum'pemphe kaye. Kwa amene ali ndi foni yokha, kujambula mbalame pamodzi ndi malo ake ndiyo njira yake, pakuti kukoka mbalame yakutali ndi zala pa foni kumangophwanya chithunzi.

Pounika ntchito ya mnzanu, mawu akuti "chabwino kwambiri" sam'thandiza, akuti "mukanadula apa" amathandiza pang'ono. Mufunseni kumene anaima, nthawi yake, ndi chimene chinam'chititsa kukweza kamera. Nthawi zambiri yankho limaonetsa kuti bwato likanasunthidwa mamita awiri kumanzere, bango lija likanachoka kuseri kwa mutu.

Kusuntha kumeneku kuli ndi malire. Skimmer amaikira mazira pa mchenga woonekera madzi akaphwa m'chilimwe, m'kadzenje kopanda udzu kapena mthunzi. Mayi akathawa bwato, mazira amatsala pa dzuwa la ku Nsanje, ndipo sapirira nthawi yaitali. Mukaona mbalame zadzuka pa mchenga n'kumazungulira pamwamba panu zikulira, uzani wopalasa abwerere m'mbuyo, mujambule chisumbu chonse cha mchengacho muli patali.