Nsidze zikayambanso kukanda diso opaleshoni itachitika kale

Kuthyola tiyi ndi ntchito ya maso. Wothyola amayenera kuona msonga yanthete, masamba awiri ndi kamphukira, dzanja lisanafike. N'chifukwa chake m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley, kufupi ndi Hauna, ngakhalenso ku Chipinge m'dziko la Zimbabwe, diso likayamba kuvuta dengu limachedwa kudzaza, ndipo malipiro a pamwezi amatsika. Mabanja ambiri a m'mindayi makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo pali vuto lina la maso lomwe munthu amatha kusamuka nalo osadziwa, n'kudzaonekera atakalamba. Vutoli ndi la nsidze zopindikira m'kati.

Gwero lake ndi matenda a trakoma, omwe amagwira ana kwambiri m'madera ouma ndi osowa madzi. Amafala kudzera m'manthongo ndi mamina, pa zala, pa nsalu zopukutira kumaso ndi pa ntchentche. Mwana akadwala mobwerezabwereza, m'kati mwa chikope chapamwamba mumachita zipsera. Pakapita zaka zambiri zipserazo zimakoka chikope, nsidze n'kuloza m'diso. Munthu akaphethira, nsidzezo zimakanda mbali yowala ya kutsogolo kwa diso mpaka kuchita ng'ala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amayi amachita khungu ndi matendawa kuposa abambo, mwina mpaka kanayi, chifukwa ndiwo amakhala pafupi ndi ana nthawi zonse.

Opaleshoni yaing'ono, koma yofuna luso

Chithandizo chake ndi opaleshoni ya chikope. Wodwala sagonetsedwa tulo. Amangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi pachikopepo. Dokotala kapena namwino wophunzitsidwa bwino amacheka chikope motsatira m'mphepete mwake, n'kuchitembenuzira kunja ndi ulusi kuti nsidze ziloze kutali ndi diso. Ntchitoyi siifika ola, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Koma si nthawi zonse pamene zinthu zimatha bwino. M'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, anthu a ndalama amachekedwa zikope pofuna kuoneka achinyamata, ndipo ena amabwerera kwa dokotala kukadandaula kuti diso lina lakwera kuposa linzake kapena silikutsekeka. Madokotala okonza zolakwika zoterezi amadziwa kuti chikope n'chopyapyala, ndipo kuchekanso pomwe pali chipsera n'kovuta kuposa poyamba. Wothyola tiyi safuna kukongola pamene akupita ku opaleshoni, koma chikope chake n'chimodzimodzi, ndipo nachonso chikhoza kusokonekera.

Zomwe zimatha kulakwika

Vuto lalikulu ndi kubwereranso kwa nsidze m'diso. Zikabwerera pasanathe miyezi ingapo, kawirikawiri chimakhala kuti chikope sichidachekedwe mokwanira mpaka m'makona, kapena ulusi sudakokedwe mofanana. Zikabwerera patapita zaka, nthawi zambiri ndi zipsera zakale zija zomwe zikupitiriza kukoka. Munthu amene adachedwa kupita kuchipatala mpaka chikope chitapindika kwambiri ndiye amakhala pachiopsezo chachikulu.

Kafukufuku wa anthu 1,000 yemwe adachitika ku Ethiopia, zotsatira zake n'kufalitsidwa mu 2016, adayerekeza njira ziwiri zochekera chikope. Chitatha chaka, nsidze zidabwerera mwa anthu 13 pa 100 aliwonse omwe adachekedwa m'kati mwa chikope mokha, ndi mwa anthu 22 pa 100 aliwonse omwe adachekedwa kuboola chikope chonse. Ziwerengerozi zikuonetsa zinthu ziwiri: ambiri amachira ndithu, koma obwereredwa si ochepa, ngakhale ntchito itagwiridwa mosamala.

Palinso mavuto ena ang'onoang'ono. Nthawi zina m'kati mwa chikope mumamera kanyama kofiira komwe kamachititsa munthu kumva ngati m'diso muli mchenga. Kanyamaka kamachotsedwa mosavuta kuchipatala. Nthawi zina chikope chimatembenuzidwa mopitirira muyeso, kapena m'mphepete mwake mumakhota ngati mwang'ambika. Choopsa kwambiri ndi diso lomwe silitsekeka bwinobwino munthu akagona, pakuti limauma n'kuchita zilonda.

Maulendo atatu osayenera kuphonya

Opaleshoni ya chikope siithera pabedi la chipatala. Wodwala ayenera kuonedwanso katatu. Ulendo woyamba ndi m'mawa mwake, pochotsa bandeji; apa ndi pomwe chikope chokokedwa mopitirira kapena moperewera chimakonzedwa mosavuta, bala lisanapole. Wachiwiri ndi pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri, pochotsa ulusi. Ulusi wosiyidwa nthawi yaitali ndiwo umakonda kuyambitsa kanyama kaja. Wachitatu ndi pakati pa miyezi 3 ndi 6, pofuna kuona ngati nsidze zakhazikika.

Ulendo wachitatuwu ndiwo ambiri amauphonya. Nyengo ya mvula tiyi amaphuka msanga, ntchito imachuluka, ndipo tsiku lojomba ndi tsiku lopanda ndalama. Apa ndi pomwe alangizi a zaumoyo ndi akapitawo angathandize: kulemba tsiku la opaleshoni m'kaundula, kukumbutsa wodwala, ndi kupempha olemba ntchito kuti am'patse tsiku lokaonedwa.

Sikuti chikope chilichonse chooneka mwachilendo chifunika kuchekedwanso. M'masabata oyamba chimakhala chotupa, ndipo kukhota pang'ono kumatha kuwongoka kokha kutupako kukaphwa. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kuli ndi malire. Ululu waukulu, mafinya, kutuluka magazi kosalekeza, kuona mwachimbuuzi kuposa kale, kapena nsidze yokhudza pakati pa diso, zonsezi n'zofunika kuchipatala msanga, osadikira tsiku lomwe adalemba.

Nsidze zikabwerera, nanga n'kutani?

Mlangizi safunika chida chapamwamba kuti aone vutoli. Tochi ndi yokwanira. Wodwala ayang'ane kutsogolo, ndipo mlangizi aunike kuchokera m'mbali, n'kuona ngati pali nsidze yokhudza diso. Afunsenso a m'nyumbamo ngati diso limatsekeka munthuyo akagona.

Ngati nsidze zobwererazo ndi zochepa ndipo zili kukona, achipatala akhoza kulangiza kuti zizizulidwa ndi kopanira kaukhondo, ndi munthu woona bwino yemwe waphunzitsidwa. Kudula nsidze ndi lumo kapena sizasi n'koopsa, chifukwa zitsa zake zimakanda kuposa nsidze zazitali. Kuthira m'diso madzi a zitsamba, shuga kapena mkaka wa m'mawere kumangoonjezera matenda.

Ngati nsidzezo ndi zambiri, opaleshoni yachiwiri ndi yotheka, koma iyenera kuchitidwa ndi katswiri wa maso wozolowera ntchitoyi. Kwa anthu a ku Hauna ndi ku Chipinge, njira yake imayambira pakiliniki kapena pachipatala cha boma chapafupi, komwe amapereka kalata yotumizira wodwala kuchigawo cha maso cha Sakubva ku Mutare. Zovuta kwambiri zimafika ku Sekuru Kaguvi ku Harare. Wodwala anyamule khadi lake lakale, kuti katswiriyo adziwe zomwe zidachitika poyamba.

Phunziro la ku Malawi

Mu September 2022, bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wathetsa trakoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, ndipo lidakhala dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kufika pamenepa. Ntchitoyi idatsata ndondomeko ya mbali zinayi yotchedwa SAFE: opaleshoni, mankhwala a azithromycin, kusamba kumaso, ndi ukhondo wa pamudzi monga madzi abwino ndi zimbudzi. Komabe chilengezocho sichidafafanize zipsera zomwe zili kale m'zikope za agogo omwe adakulira ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kaya akali komweko kaya adasamukira kunja. Ena mwa iwo nsidze zidzapindika mtsogolomu, ndipo ena omwe adachitidwa kale opaleshoni adzafuna kuonedwanso.

Pamudzi kapena pakomboni mbiri imathamanga. Mayi mmodzi yemwe nsidze zam'bwerera, akasiyidwa osathandizidwa, amakhala umboni kwa anzake onse kuti opaleshoni n'njopanda phindu, ndipo iwo amakhala pakhomo mpaka khungu. Koma mayi yemweyo akaperekezedwa kuchipatala kachiwiri n'kubwerera m'munda ndi dengu lake kumsana, anzake aja safunanso wowakakamiza.