Mpando wa m'tchalitchi nawo uli ndi ndale zake

Pa Maramba Market, kuseri kwa matebulo a kapenta ndi salaula, pali tumashopu twa anyamata oika mafilimu m'mafoni. Makasitomala ambiri amafuna a nkhonya ndi mfuti, kapena a ku Nigeria aja a apongozi ovuta. Ine ndinapempha Conclave, filimu ya 2024 imene inamveka kwambiri Papa Francis atamwalira pa 21 April 2025. Ndikuuzirenitu: ngati mufuna zothamangitsana, sungani ndalama yanu. Muno muli madala ovala zofiira, oyenda pang'onopang'ono m'makonde ndi kunong'onezana. Koma mukadekha, tulo timathawa.

Nkhani yake ndi iyi. Papa wamwalira, ndipo makadinala atsekeredwa ku Vatican kuti asankhe wina. Kadinala Lawrence, amene akuseweredwa ndi Ralph Fiennes, ndiye woyang'anira chisankho. Aliyense pakamwa akuti mpandowo saufuna, koma usiku akuwerenga mavoti. Kadinala Adeyemi wa ku Nigeria watsala pang'ono kukhala Papa, mwadzidzidzi patulukira sisitere wa kwawo amene anabereka naye mwana zaka zambiri zapitazo. Amene anakonza zoti sisitereyo abwere ku Roma ndi kadinala mnzake, wofunanso mpando womwewo. Wodziwa za makomiti a pa msika ndi pa siteshoni ya mabasi sangadabwe. Kusiyana kwake n'kwakuti uku sakuwa, amamwetulira chabe.

Ife a mu Zambia sitifunika kupita kutali. Sewero lotere tinalionera pakhomo, ndipo linatenga zaka 40.

A Emmanuel Milingo anabadwa mu 1930 kwa Mnukwa, ku Chipata. Mu 1969 Papa Paul VI anawaika kukhala Arkibishopu wa Lusaka ali ndi zaka 39 chabe. Mu 1973 anayamba kupempherera odwala ndi kutulutsa mizimu yoipa, ndipo anthu anakhamukira kwa iwo. Ansembe ena ndi mabishopu anzawo sizinawakomere. Panalibe ndewu ya pabwalo: anali makalata, misonkhano ya m'zipinda zotseka, ndi madandaulo opita ku Roma. Mu 1982 anaitanidwa kumeneko kuti akafufuzidwe, ndipo mu 1983 anatula pansi udindo wa Lusaka.

Anthu anayesa nkhani yatha, kumeneko n'kumene inayambira. Pa 27 May 2001, ku New York, a Milingo anakwatira mayi wa ku Korea, a Maria Sung, pa mwambo wa Sun Myung Moon. Mu August chaka chomwecho anaonana ndi Papa John Paul II, nabwerera mu mpingo. Mayi Sung anatsala pa bwalo la St Peter, akukana kudya masiku angapo, akufuna kuonana ndi amuna awo. Mu September 2006 a Milingo anadzoza amuna anayi okwatira kukhala mabishopu ku Washington popanda chilolezo cha Papa, ndipo anachotsedwa mu mpingo. Mu December 2009 Vatican inalengeza kuti salinso wansembe.

Mpaka lero Akatolika amagawanika pa nkhaniyi. Ena amati anali munthu wa mphatso amene azungu ndi ansanje sanamumvetse. Ena amati kutchuka kunawalowa m'mutu, anaiwala lumbiro la kumvera. Mwina zonse ziwiri zili ndi choonadi chake. Chimene ine ndinaona n'chakuti, mu filimu ndi m'moyo momwe, maso onse amakhala pa amuna a zisoti zazitali. Sisitere uja amuitana kuti akhale chida, atamugwiritsa ntchito amuiwala. Odwala amene ankadzaza pakhomo pa Arkibishopu ku Lusaka palibe anawafunsa maganizo pamene m'busa wawo anatengedwa. Njovu zikamamenyana, udzu ndiwo umavutika.

Manje taganizirani amayi a pa Maramba, ogulitsa tomato ndi malasha kuyambira m'mamawa. Ndiwo amasesa tchalitchi, amaimba kwaya, amayendera odwala m'tumipingo ting'onoting'ono, ndipo pa Sondo amamasula mfundo ya chitenje kuti apereke. Pamene makadinala 133 anasankha Papa Leo XIV pa 8 May 2025, panalibe ngakhale mmodzi wa ku Zambia. Kadinala wathu, a Medardo Mazombwe, anamwalira mu 2013.

Kuonera filimu ngati iyi si kunyoza mpingo ayi. Kumatikumbutsa kuti ovala mikanjo nawo ndi anthu, ali ndi njala ya mipando monga ife tonse. Mkhristu wodziwa zimenezi sataya chikhulupiriro akamva zonong'onezana pa parishi yake. Amapita ku msonkhano, n'kufunsa mwaulemu kuti ndalama ya chopereka yagwira ntchito yanji.

Ngati mufuna kuionera, tchajani foni magetsi asanapite. Ndi ya maola awiri, ndipo mu basi, phokoso la kondakitala lingakuphonyetseni zonong'onazo.