Machenjera pa mpira wamiyendo m'matimu a m'makoleji

Machenjera pa mpira wamiyendo ndi kaseweredwe komwe osewera a timu imodzi amapangana masewero asanayambe, n'cholinga chakuti timu inzawo iyembekezere china pamene iwo akuchita china. Amasiyana ndi njomba chifukwa njomba ndi luso la wosewera mmodzi mpira uli mkati moyenda, pomwe machenjera kawirikawiri amafuna osewera awiri kapena atatu ogwirizana. Ambiri amachitika mpira ukaima: pa firikiki, pa kona, pa penate ndi poponya mpira womwe watulukira kumbali. Pa nthawi zimenezi otchinga kumbuyo amakhala otanganidwa ndi kuimika khoma kapena kugawana anthu owalonda.

Matimu a m'makoleji ku Chiradzulu

M'boma la Chiradzulu, lomwe lachita malire ndi Blantyre, muli sukulu zingapo za maphunziro apamwamba. Zina mwa izo ndi Catholic University of Malawi ku Nguludi, yomwe inatsegulidwa mu 2006, koleji ya zachitukuko ya Magomero, koleji yophunzitsa aphunzitsi ya Chiradzulu ndi sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP ku Mikolongwe. Timu ya ophunzira imasiyana ndi ya mu ligi yaikulu monga Big Bullets kapena Mighty Wanderers. Osewera ake amakonzekera akaweruka m'kalasi, amabalalika pa tchuthi, ndipo chaka chilichonse ena amamaliza maphunziro n'kuchoka. Kuzolowerana kaseweredwe kopatsirana kumatenga miyezi, koma njira imodzi ya pa kona ingaphunziridwe masana awiri kapena atatu. N'chifukwa chake mpira woima ndi malo amene timu yotere ingapezerepo chigoli ngakhale ikukumana ndi timu yoiposa mphamvu.

Bwalo nalo limalamula. Mabwalo ambiri a m'sukulu ndi a dothi kapena a udzu wa apo ndi apo. M'chilimwe nthaka imauma ndipo mpira wokwawa umadumphadumpha, pamene m'dzinja umaima m'matope. Machenjera odalira mpira wokwawa amayenda bwino pokhapokha womenya atayang'aniratu malo omwe mpirawo udutse.

Pa firikiki

Njira yodziwika ndi yakuti wosewera mmodzi amathamanga ngati amenya koma n'kuulumpha mpira, ndipo wachiwiri amaupatsira pansi kwa mnzake yemwe wabisala kuseri kwa khoma. Argentina inachita zimenezi pa 30 Juni 1998 posewera ndi England mu World Cup: Gabriel Batistuta anaulumpha, Juan Sebastián Verón anapatsira, ndipo Javier Zanetti anachinya. Pa 9 Disembala 2022, Netherlands inabwezera Argentina mwa njira yofananayo pamene Teun Koopmeiners anapatsira Wout Weghorst m'mphindi zoonjezera, masewero n'kukhala 2-2.

Pa kona

Pa 7 Meyi 2019 pa bwalo la Anfield, Trent Alexander-Arnold wa Liverpool anayamba kuchoka pa kona ngati akusiyira mnzake. Ataona kuti osewera a Barcelona sakuyang'ana, anabwerera msanga n'kumenya mpira wapansi womwe Divock Origi anaumwetsa. Liverpool inapambana 4-0 n'kufika mu ndime yomaliza ya Champions League, ngakhale inali itagonja 3-0 m'masewero oyamba.

Pa penate

Mu 1976, Antonín Panenka wa Czechoslovakia anatukula mpira mofewa pakati pa golo, goloboyi Sepp Maier wa West Germany atadziponya kale kumbali, ndipo dziko lake linatenga chikho cha ku Ulaya. Njira ina ndi penate ya anthu awiri. Pa 5 Disembala 1982, Johan Cruyff wa Ajax anakankhira mpira Jesper Olsen, yemwe anamubwezera, iye n'kuchinya. Lionel Messi ndi Luis Suárez anachitanso zofanana mu 2016 posewera ndi Celta Vigo. Koma mu 2005 Robert Pirès wa Arsenal, pofuna kusiyira Thierry Henry, sanaukhudze bwino mpira ndipo mwayi wa chigoli unatayika.

Kudzidzimutsa goloboyi

Si machenjera onse amene amafuna mpira woima. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango wa Flames anaona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wasendera kutsogolo. Anamenya mpira kuchokera patali kwambiri, womwe unadutsa pamwamba pa goloboyiyo n'kugwera mu ukonde. Malawi inagonja 2-1, chigoli chachiwiri cha Morocco chikuchokera pa firikiki ya Achraf Hakimi.

Zimene malamulo amalola

Malamulo a mpira amalembedwa ndi bungwe la IFAB, ndipo ndi omwewo amene bungwe la FAM limatsatira m'Malawi. Pa firikiki, a timu inzawo amaima mamita 9.15 kuchokera pa mpira. Kuyambira mu 2019, khoma likakhala la anthu atatu kapena kuposerapo, osewera a timu yomenya ayenera kutalikira nalo ndi mita imodzi. Womenya sangakhudze mpira kawiri wina asanaukhudze. Ngati woimbira wanena kuti adikire wezulo, firikiki yachangu siloledwa.

Pa penate mpira uyenera kupita kutsogolo, ndipo wolandira amayembekezera kunja kwa bokosi mpaka utamenyedwa. Kunamizira pothamanga n'kololedwa, koma kunamizira kumenya munthu atafika kale pa mpira kumapatsitsa khadi yachikasu. Wolandira mpira wochokera pa kona, woponyedwa ndi manja kuchokera kumbali kapena womenyedwa utatulukira kuseri kwa golo sakhala pa ofusayidi, ndipo apa ndi pomwe machenjera ambiri amayambira. Kudzigwetsa dala m'bokosi sikuwerengedwa ngati machenjera chifukwa n'kunamiza woimbira, ndipo chilango chake ndi khadi yachikasu.

Kuopsa kwake

Machenjera akakanika, otchinga kumbuyo omwe anapita kutsogolo amasiya mpata, ndipo timu inzawo ikhoza kuthamangitsa mpira n'kukachinya. Aphunzitsi amasiya osewera awiri kapena atatu kumbuyo ndi kupangana chizindikiro chosavuta, monga kukweza dzanja, kuti aliyense adziwe njira yomwe yasankhidwa. Matimu oyandikana amakumana kawirikawiri ndipo amaonerana masewero, choncho njira yomwe yaoneka kamodzi siikhalanso yachinsinsi. Timu imafunika kukhala ndi njira ziwiri kapena zitatu zoyambira pa kaimidwe kofanana, kuti otchinga asadziwe yomwe ikubwera.