Bowa ndi ndiwo, koma osagula mwachimbulimbuli

Mvula ikagwa kawiri katatu mu Disembala, msewu wa M1 kuno ku Ntcheu umasintha. Pa Lizulu, pa Mlangeni, pa Biriwiri mpaka pa boma, mumapeza amayi ndi ana ataima m'mbali mwa msewu, mbale m'manja, akukweza bowa m'mwamba kuti a m'galimoto aone. Inu abale a kunyanja amene mumabwera kuno ndi usipa ndi utaka, ambiri mumabwerera ndi kajumbo ka bowa. Sindikukudzudzulani ayi. Nyengo imeneyi nsomba imakhala itakwera mtengo, nyanja itangotsekedwa kuti chambo chiswane, ndipo m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Bowa amapulumutsa nsima.

Koma ndikuuzeni chimene chandilembetsa nkhaniyi. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa ku mudzi wina wa m'chigwa cha Bwanje. Banja lina linagula bowa wodulidwa kale m'tizidutswa, mitundu yosakanikirana. Anadya madzulo, n'kugona bwinobwino. Kutacha, onse kusanza ndi kutsegula m'mimba. Tsiku lotsatira anapezako bwino, n'kumati zatha, kuchipatala tikatani. Patapita masiku awiri, kamwana kakang'ono maso anasanduka achikasu. Akuluakulu anachira, koma mwanayo tinakamuika. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa akanathamangira kuchipatala m'mawa woyamba uja, mwina bwenzi pano ali kusukulu.

Bowa wathu ndi bowa wa m'sitolo

Bowa wa kutchire amene timadya kuno ali m'magulu awiri. Utale, nyonzwe ndi manda amamera pa chulu kapena pamene pali chiswe, chifukwa chiswecho ndicho chimamulima pansi pa nthaka. Manyame, chipindi ndi ndelema amamera pansi pa misuku ndi mombo, ndipo moyo wawo uli pa mizu ya mitengoyo. N'chifukwa chake malo amene otentha makala amaliza mitengo, ngati mbali zina za nkhalango ya Mvai, bowa nayenso amasowa.

Palinso bowa wolimidwa. Wina ndi woyera uja, wozungulira ngati batani la jekete, amene m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre amamulemba kuti button. Amalimidwa m'nyumba ya mdima, pa manyowa a udzu ndi zitosi za nkhuku, ndipo amafuna malo ozizira. Winanso ndi oyster, amene amalimidwa m'majumbo a mapesi kapena zotsalira za mbewu, ndipo amapirirako kutentha. Bowa wolimidwa alibe chikaiko, mbewu yake imadziwika. Vuto ndi mtengo basi.

Tsono chenjerani apa. Munthu akazolowera bowa wa button, amaganiza kuti kabowa kalikonse koyera, kozungulira, kamene wakapeza kutchire n'komweko. Ayi ndithu. Bowa wakupha kwambiri akakhala wamng'ono amaonekanso choncho, ngati dzira. Wa button mukamutembenuza, timizere ta kunsi kwa chipewa timakhala tofiirira pang'ono akali wamng'ono, kenako tabulauni ngati chokoleti, ndipo patsinde pake palibe kathumba. Wakuphayo timizere take n'toyera, ndipo tsinde lake limatuluka m'kathumba kamene kamakhala m'dothi. Chovuta n'chakuti ndelema wathu wokoma uja nayenso ali ndi kathumba ndi timizere toyera, poti ndi achibale. Ndelema gulani kwa mayi amene wakhala akuzula zaka zambiri, osati kwa mwana wongotumidwa.

Pogula

Choyamba, gulani bowa wathunthu, chipewa ndi tsinde lake lomwe. Woduladula kale musiyeni, ngakhale atchipe bwanji. Chachiwiri, mbale imodzi mtundu umodzi. Chachitatu, funsani dzina lake ndi kumene wazulidwa. Wogulitsa akayamba kuti "kaya, koma ndi wodya," pitirirani. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Palinso bowa wamkulu ngati ambulera amene amamera pa kapinga ndi pafupi ndi makola. Ena amamuyesa utale. Akakula, kunsi kwake kumabiriwira. Ameneyo amasanzitsa koopsa.

Kaya ndi wa kutchire kaya wa m'sitolo, wabwino amakhala wolimba mukamugwira, wosaterera, wonunkhira dothi la mvula. Woterera, wamadontho akuda, wa fungo lowawasa kapena wodzaza mphutsi, nthawi yake yatha. Wa m'sitolo onaninso tsiku limene alemba pa paketi, komanso ngati m'katimo simunachite thukuta.

Ndipo zikhulupiriro izi tizisiye. Akuti bowa akadyedwa ndi nkhono kapena tizilombo ndiye kuti ndi wabwino. Akuti supuni kapena anyezi akada mumphika ndiye muli poizoni, akapanda kuda mulibe. Akuti kuwiritsa n'kutaya madzi kumachotsa zonse. Zonsezi n'zabodza. Poizoni wa bowa wakupha sachoka ndi moto, mchere kapena dzuwa. Kwa inu ogulitsa, mbale imene mwanyamulayo muli moyo wa ana a eni. Amene simukumudziwa musamuikemo pofuna kudzaza mulu.

Posunga

Bowa ndi madzi okhaokha. Makilogalamu 10 a wamuwisi mukawaumitsa mumatsala ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Ndiye jumbo ndi mdani wake, makamaka m'minibasi yotsikira kunyanja kotentha. Muikeni m'dengu kapena m'katoni, pamwamba masamba kapena pepala, ndipo musamutsuke mpaka nthawi yophika. Kopanda fuliji, phikani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Amene muli ndi fuliji, wa button amakhala masiku 5 mpaka 7 atakulungidwa m'pepala.

Njira ya makolo ndi kufutsa. Chotsani dothi, ng'ambani kapena dulani mopyapyala, wiritsani pang'ono ndi mchere, kenako yanikani. Inu a kunyanja muli ndi mwayi, thandala la usipa lija ndi labwino kuposa mphasa ya pansi, chifukwa mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba, mchenga ndi nkhuku sizifika. Ingoyalani kansalu koyera kuti fungo la nsomba lisalowerere, ndipo muzianula mvula ikamabwera. Wauma bwino ndi amene akuthyoka kuti thyo, osati kupindika. Msungeni m'chikwatu cha masamba a msuku pamwamba pa moto wa kukhitchini, kapena m'botolo louma lotseka bwino. Akachita nkhungu, tayani.

Pophika

Wa button sachedwa. Mupukuteni kapena mutsukeni mwachangu, dulani, kazingani ndi anyezi pa moto wamphamvu mpaka madzi ake aphwere, kenako tomato ndi mchere. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, osathira madzi ambiri. Wa kutchire aziphikidwa mpaka apse ndithu, osadya wamuwisi. Wofutsa muyambe mwamuviika m'madzi ofunda, kenako mutendere ndi nsinjiro. Usipa ukachepa, kadzanja kamodzi kosakaniza ndi bowa kamakwanira banja lonse, ndipo msuzi wake ana amanyambita mbale. Wotsala usiku mutenthetsenso bwino m'mawa, akachita fungo musaumire.

Zikavuta

Wina akayamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena chizungulire atadya bowa, onse amene anadya apite kuchipatala, ngakhale amene akuoneka bwino, makamaka ana. Tengani bowa wotsala, wophika kapena wamuwisi, akaone. Panjira muziwamwetsa Thanzi ORS. Musataye nthawi ndi mkaka kapena mizu. Dziwani ichi: matenda akachedwa kuyamba, patapita maola 6 kapena kuposa, ndiye oopsa kwambiri, chifukwa poizoni wotere amawononga chiwindi mwakachetechete pamene munthu akuoneka ngati wachira. Amene muli pafupi ndi boma, chipatala chachikulu cha Ntcheu chilipo. Akutali yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, akakutumizani.

Dzinja lino mukaima pa Lizulu, gulani ndithu, amayi aja apezeko ya sopo. Koma mutembenuzeni bowayo, muone tsinde, mufunse dzina, ndipo amene wakukaikitsani mumusiye pomwepo.