Chifukwa chomwe akatswiri a pisitolo amadzipangira okha zipolopolo

Akatswiri ambiri opikisana powombera ndi mfuti za pisitolo amatola makoko a zipolopolo zomwe awombera n'kuikamo onga ndi mitu yatsopano, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimawachititsa zimenezi ndi lamulo la mphamvu ya chipolopolo.

Malinga ndi malamulo a bungwe la IPSC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1976 mumzinda wa Columbia m'dziko la America, mphamvuyi imapezeka pochulukitsa kulemera kwa mutu wa chipolopolo, m'magireni, ndi liwiro lake, m'mafiti pa sekondi, kenako n'kugawa ndi 1,000. Mwachitsanzo, mutu wa 9mm wolemera magireni 124 wothamanga mafiti 1,050 pa sekondi umapereka 130.

Malire otsikitsitsa ndi 125. Oyang'anira mpikisano amatengako zipolopolo za wopikisana n'kuziyesa pa makina oyezera liwiro pogwiritsa ntchito mfuti yake yomwe, ndipo zikalephera kufika pamalirewo mapointi ake sawerengedwa, ngakhale atalasa bwino chotani.

Apa ndi pomwe pagona luso. Onga ukachuluka, mfuti imalumpha kwambiri m'manja ndipo wowombera amataya nthawi poibwezera pachandamale, pomwe mpikisanowu umawerengera mapointi pogawa ndi nthawi. Ukachepa, munthu agwa pamayeso. Liwiro limasinthanso ndi kutentha kwa tsikulo komanso kutalika kwa mpope wa mfuti, n'chifukwa chake ambiri amakonza zipolopolo zofika cha m'ma 130 m'malo mokakamira pa 125 penipeni.

Mfuti nayo amaisintha sipuling'i kuti igwirizane ndi mphamvu yochepayo, apo ayi khoko limatha kukanirira potuluka.